Mayi Obisa Mabatani pa Mafomu

Pafupi ndi msika wa Chilomoni pali mayi ena otaipa makalata, omwe kale anali sekilitale kukampani. Magalasi amawapachika m'khosi ndi chingwe. Fomu iliyonse amayamba ayiona kaye pa kompyuta mmene itulukire papepala, ndipo akapeza batani lodina, amalibisa asanapulinte.

"Batani kwawo n'pa sikirini," amatero. "Papepala likufunapo chiyani?"

Anawaphunzitsa zimenezi ndi a Ambrosi, bambo achikulire a ku Nsanje, amene ankafuna kudalitsa ukwati wawo kutchalitchi atakhala m'banja zaka makumi anayi. Mayiwa anawadzazira fomu ya kuparishi n'kuipulinta, koma pansi pake panatulukanso kabatani kolembedwa kuti "Tumizani".

Patatha masabata awiri, a Ambrosi anadutsa pashopu.

"Ansembe ayankha?" anafunsa mayiwa.

"Ndikudikirabe, mayi. Ndinadinatu ndi chala, katatu konse."

Anatulutsa fomuyo m'thumba la jekete. Pamene panali batani panali patada ndi thukuta.

Mayiwa anaseka mpaka misozi, kenako anakumbukira kuti kulembetsa maukwati kukutha tsiku lomwelo. Anatseka shopu, nawagwira dzanja a Ambrosi, ulendo wa kuparishi wapansi, akukwera chitunda mwawefuwefu. Anapeza akatekisi akukiya ofesi, koma fomuyo anailandira.

Tsiku la ukwati mayiwa anavina kuposa achibale. Mayi a kunyumba kwa a Ambrosi anawakumbatira n'kuwanong'oneza kuti, "Musawaseke okha bambowa. Inenso ndinadinako."