Kuseri kwa Nkhokwe Sitisesako

Kwathu kwa Nsamala amuna anga ankawatchula kuti bambo a nyerere. Ankagwira ntchito yofufuza tizilombo ta m'thonje, zaka zija tinkalowa mumsika ndi khadi la chipani. Iwo ankati pali nyerere zina zimene zimadya mazira a mbozi, ndiye ankafuna kudziwa kuti ndi mtundu uti umene umathandiza mlimi.

Titangokwatirana anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndisamasese kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko kunali njira ya nyerere zakuda yolowera kumunda, ndipo m'mawa uliwonse ankagwadako ndi kope ndi pensulo. Amayi anga zinkawanyansa. Ankati mkamwini wabwera kudzaphunzitsa mwana wawo uve. Tsiku lina mawu atandikwana ndinathirako phulusa lamoto, monga timachitira ndi linthumbu. Amuna anga pobwera kuntchito sanandikalipire. Anangonena kuti nyererezo anazitsatira madzinja awiri.

Mawa lake anandionetsa bokosi lawo. Munali timabotolo ta nyerere zoviikidwa mu sipiriti, kalikonse ndi kapepala kake. Ine sukulu ndinalekera sitandade 2, Chingerezi sindichidziwa, koma mzere woyamba unkakhala wa malo amene anazitola, ndipo umenewo anandiphunzitsa kuwerenga.

Anamwalira ndi chifuwa, thonje litangoyamba kuyera. Tsiku la kusesa, titaika maliro dzulo lake, alamu anga aakulu anatulutsa bokosilo pansi pa bedi. Atalitsegula anthu anafutukira m'mbuyo. Wina ananong'ona kuti n'chifukwa chake thonje lathu linkabereka kuposa la anzathu. Alamu anati likatayidwe m'chimbudzi msanga, mbiri isatuluke yoti m'bale wawo anali wokhwima. Ine ndinaona kuti akalitaya ndiye kuti avomera, ndipo ana anga adzakula akulozedwa zala.

Namfedwa sayenera kulankhula pagulu lotero, koma ndinalankhula.

"Alamu, dikirani kaye. Ndipatseni kabotolo kamodzi."

Anandipatsa atagwira ndi nsonga za zala. Ndinawerenga pang'onopang'ono: Nsanama, pamtengo wa mango. Kachiwiri: Kalembo, m'munda wa nandolo. Kachitatu: kuseri kwa nkhokwe.

Amayi anga, amene anakhala pamphasa, ndiwo anayankha.

"Zimenezo ndi abale ake a zija anaotcha uyu ndi phulusa. Mankhwala ake ati? Ndi nyerere basi, ndazitukwana zaka zonsezi."

Anthu anaseka, ngakhale panali pamaliro. Alamu anatseka bokosi n'kuliika pamapazi anga. Patapita mwezi anzawo akuntchito a amuna anga anabwera kudzalitenga pamodzi ndi makope, ndipo ndinawawerengera mapepala angapo kuti asasokoneze.

Koma tsiku la kusesalo, azimayi atasesa bwalo lonse n'kuyandikira nkhokwe, amayi anga anadzuka n'kuwauza kuti kumeneko alambalale.