Zikope za Zelipa

Ndikukumbukira kutentha kwa tsiku limenelo, mabingu akungogunda kutali, mvula osagwa. Sitima inkalira pa mlatho wa Kafue, ndipo makina a fakitale yatsopano ya nsalu, kumene atate ankagwira ntchito, ankamveka mpaka kwathu ku Nangongwe. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. M'nyumba mwathu munabadwa mlongo wanga Zelipa, koma sanatsegule maso. Zikope zake zinali zolumikizana ndi timinofu tonga ulusi.

Azakhali, amene anachokera ku Katete kudzathandiza amayi, anatuluka nandigwira khutu.

"Ni uyu. Si iwe unali kubwela kumbuyo kwa amai ako, kuwatseka maso na manja? Munthu wapakati samuchita zimenezo."

Zinali zoona. Anali masewera athu, ndipo amayi ankaseka nawo. Azimayi a pamzere wa nyumba zathu anavomereza, nakokera ana awo kutali ndi ine. Ndinalephera kukhala pansi. Ndinazungulira nyumba, ndinapita kumpopi kukasamba m'manja, ndinabwerako, ndinapitanso. Pawindo ndinaona azakhali akuwiritsa lezala.

Atate anafika thonje lili m'tsitsi. Anayang'ana khanda, anayang'ana lezala.

"Alongo, ikani pansi. Nsalu ukaidula moipa ugula ina. Nanga diso?"

M'mawa mwake iwo ndi amayi anatenga khanda nakwera basi kupita kuchipatala ku Lusaka. Ndinatsala ndi azakhali, amene ankandiikira nshima osandiyang'ana. Ine ndinkangothamangira kumsewu basi iliyonse ikaima, ndikupempha Mulungu kuti atenge maso anga apatse mwanayo.

Atabwerako, Zelipa anali kuphethira. Adokotala anadula timinofu tija, nanena kuti ana ena amangobadwa choncho, palibe amene amachititsa. Atate anabwereza mawuwo mokweza ali pakhomo, kuti mzere wonse umve. Palibe amene anabwera kudzandipepesa. Azakhali anangondiwonjezera mutu wa nsomba m'mbale.

Patapita zaka, malemu mkazi wanga ali ndi pakati poyamba, ndinazindikira kuti ndikamuyandikira ndimabisa manja kumbuyo, ngakhale ndinkadziwa bwino zimene adokotala ananena. Pamenepo ndinamvetsa mantha a azakhali. Munthu akagwidwa nawo amafuna wina womuloza chala, ndipo mwana ndiye sayankha.

Lero maso anga afooka, ndipo Zelipa ndiye amandiwerengera Masalimo akabwera Lamlungu. Azakhali ndi azimayi aja ndinawakhululukira.