Nsalu yoyera ya pansi pa sutikesi

Mayi anga atamwalira ndili ndi zaka zisanu, ananditenga ndi agogo, mayi awo a mayi, amene ndinkawatchula kuti Anganga. Tinkakhala awiriwiri ku Nancholi. Sindinali mwana wolankhulalankhula. Ndinkangoyang'ana, ndipo nyengo za chaka ndinkazidziwira pa chingwe choyanikapo zovala.

Dzinja linali la simbi. Chilichonse choyanikidwa panja, ngakhale thawulo, chinkasitidwa uku ndi uku, poopa ntchentche zoikira mazira pa nsalu yonyowa, munthu n'kudzatuluka mphutsi pakhungu. Chiperoni akafika ndi kamvula kake kowaza ka nyengo yozizira, matawulo ankatha masiku atatu osauma. Tinkawapachika pa zitseko ndi pa mipando, koma ankanunkhabe chinyezi, ena n'kuchita timadontho takuda ta chuku. Ndiye dzuwa likabwerera, Anganga ankatulutsa zonse: mabulangete, zoyala pabedi, matawulo a alendo amene ife sitinkapukutira.

Chaka chimene ndinali Sitandade 5, dzuwalo linatuluka Loweruka. Anganga anakoka sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi, n'kutulutsa pansi penipeni nsalu imene ndinali ndisanaionepo. Inali yoyera mbee, yaitali, yosasokedwa m'mphepete. Sanaichape. Anangoitambasula pa chingwe cha kuseri kwa nyumba, n'kulowa.

Ndinkaiyesa shiti yatsopano ya pabedi, mpaka mayi oyandikana nafe, a gulu la Mvano la kutchalitchi, anasuzumira pampanda akuseka. Ataiona anasiya kuseka, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati Anganga akupeza bwino. Ndinati ali bwino. Anati imeneyo ndi nsanda, nsalu imene ife Asilamu timakulungira maliro, ndipo anadabwa kuti mwana wa m'nyumbamo sindikuidziwa.

Sindinafunse kanthu. Ndinangoganiza kuti Anganga adziwa china chake chimene sakundiuza, ndipo akapita ine ndilibenso kwina kolowera.

Sabata yonseyo ndinkawalonda. Akatsokomola ndinkasiya chimene ndikuchita. Akasiya tiyi m'kapu ndinkaona. Lolemba ndinanama kuti mutu ukundipweteka, Lachiwiri m'mimba. Lachitatu anandithamangitsira kusukulu, koma pa buleki ndinathawa, n'kudzaima kuseri kwa mpanda. Ndinawapeza akukangana ndi wogulitsa makala, mawu awo ali amphamvu ngati masiku onse. Sizinanditonthoze. Mayi anganso ankachapa mpaka sabata yomaliza ya moyo wawo.

Loweruka lotsatira anaitulutsanso nsalu ija, ati fungo la chinyezi linali lisanathe. Madzulo anandiitana kuti tipinde zouma. Mashiti tinkapinda awiri, wina kugwira uku wina uko, kukoka, kenako kuyandikirana mpaka manja akumane. Titafika pa nsalu yoyerayo, ndinabisa manja kumbuyo.

Anandiuza kawiri kuti ndigwire. Kachitatu anaikoleka paphewa n'kundiyang'anitsitsa.

"Iwe, watani sabata ino?"

"Anganga, mukupita liti?"

"Kuti?"

Ndinaloza nsaluyo.

Anayang'ana nsaluyo paphewa pawo. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi pa khonde, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Anati nsaluyo anaigula ku Limbe ine ndisanabadwe, atangoika maliro a agogo aamuna, chifukwa tsiku limenelo anthu anavutika kuthamangira m'mashopu kufuna nsanda maliro akudikira. Kuyambira pamenepo ankaiyanika chaka chilichonse chiperoni akatha. Kungoti zaka zonsezo ankachita zimenezi ine ndili kusukulu.

"Nsalu iyi ndi mkulu wako, uzimupatsa ulemu," anatero. "Ukufuna ndikafike kumeneko ndikununkha chuku?"

Ndinafunsa ngati sakudwala penapake. Anati bondo lokha, ndipo bondo silinaphepo munthu wa kwawo. Atatero anasiya kuseka. Anandikokera pafupi, n'kundifunsa amene anandiuza, ndiponso chifukwa chimene ndinasungira nkhani yotere m'mimba masiku asanu ndi awiri. Ndinatambasula manja n'kugwira nsonga ya nsaluyo. Ndinkangomva ngati ndatula ndowa yodzadza.

Tinaipinda. Inali yofunda ndi dzuwa, yokhuthala kuposa mashiti athu, ndipo inatitengera maulendo anayi kuti manja athu akumane. Anaiika pansi pa sutikesi, pamwamba pake mabulangete, n'kundituma kuti ndikaanule matawulo mame asanagwe. Tsiku limenelo ndinadya mpaka kupempha zina.