Wosula wa Nazif Agha

Daghir anali wosula zitsulo za kumapazi kwa akavalo pa linga la kum'mawa kwa mzinda wa Hama, m'masiku a Aturuki. Nkhondo sankaifuna. Analowa usilikali chifukwa ng'anjo ya bambo ake inapita kwa mkulu wake, ndipo tsoka linam'ponya m'gulu la apakavalo la Nazif, mtsogoleri amene ankamutchula mwaulemu kuti Agha.

Nazif anali mwana wa m'busa, wamfupi koma wamawu ngati bingu. Udindo anaupeza pophwanya lamulo: atauzidwa kuti adikire, anathamangira yekha gulu la achifwamba, iwo n'kubalalika poyesa kuti kumbuyo kwake kukubwera chikhamu. Kuyambira pamenepo kudikira ankakuona ngati matenda.

"Agha, akavalo atheratu, ziboda zang'ambika," Daghir ankadandaula.

"Kodi unawabala ndiwe? Kwera, mbuzi iwe!"

Mutu wa Daghir sunkagwira. Chaka chomwe Nazif anaphetsa akavalo ambiri ndi ludzu, bwanamkubwa anam'tumizira mendulo. Chaka chomwe anapulumutsa amalonda a mchere, anam'tsitsa udindo ati chifukwa sanapemphe chilolezo, kenako anam'bwezera popanda kunena chifukwa. Nazif nayenso anali wosamvetseka. Anakwapulapo Daghir kaamba ka kavalo wotsimphina, koma pa ukwati wa mwana wamkazi wa Daghir anabwera ndi nkhosa, navina mpaka nduwira kugwa.

"Nanga mumawakonda kapena mumadana nawo?" anafunsa Fidda, mkazi wa Daghir.

"Ukawafunse akavalo, mayi. Ine sindikudziwa."

M'chilimwe china akuba analanda ngamila pachitsime cha linga. Nazif sanayembekeze thandizo la ku Hama. Anawalondola ndi asilikali ake mpaka mkati mwa chipululu, komwe kunauka chimphepo chafumbi choti munthu osaona makutu a kavalo wake. Daghir anangomva mawu aja akukuwa kutsogolo kuti, "Nditsateni!" Koma kutsogolo kwake kunali kuti? Ena analowera uku, ena uko, ena anaomberana okhaokha. Fumbi litatsika, akuba kunalibe, Nazif kunalibe. Kavalo wake anabwerera yekha kulinga, chishalo chili chomanga bwinobwino, popanda ndi dontho la magazi lomwe.

Akuluakulu analengeza kuti wafa ngati ngwazi. Asilikali ankanong'onezana kuti walowa gulu la akubawo. Daghir anawerenga nawo mapemphero a maliro opanda mtembo, posakhalitsa n'kusiya usilikali.

Atakalamba, tsiku lina mumsika wa Hama anaona nkhalamba yaifupi ikukalipira bulu wosenza zikopa. Mawuwo anam'limbitsa msana ngati ali paperete.

"Agha! Ndinu?"

Nkhalambayo inamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Agha wake uti? Ine ndine wazikopa, m'bale wanga. Dzuwa lakutentha mutu."

"Ndine Daghir, wosula uja."

"Ngati ndiwe wosula, taona bulu wangayu, akutsimphina."

Daghir anagwada, nanyamula phazi la bulu, n'kuchotsamo kamwala. Pomwe ankadzuka, mwini wake anali atayamba kale kukoka chingwe, osathokoza n'komwe, n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Kunyumba Fidda anamvetsera nkhani yonse akukanda ufa wa buledi.

"Ndiye anali iwowo?"

"Mawu ndi awo. Maso si awo," anatero Daghir, nakhala pakhomo osavula nsapato. "Komanso Agha akanayenda ndi bulu?"