Purosesa Imene Anasankha Atsibweni

Ndikukumbukira, ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene alongo anga a Yohane anaganiza zolumikiza okha kompyuta. Ankafuna kutsegula kashopu pa boma ku Chadiza koikira anthu nyimbo m'mafoni, ndipo amayi anapereka thonje lonse la chaka chimenecho. Zida zina anali atagula kale, kuphatikizapo bolodi, kathabwa kolumikizirapo zida zonse. Inatsala ndi purosesa, kachitsulo kamene kamaganizira makina onse.

Tsiku lokagula, atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anati atiperekeza, poti katundu wa mbumba sagulidwa mwini mbumba asanaone. Tinapalasa njinga kuchokera kwa Mlolo, ine ndili pakaliyala. Wogulitsa, bambo wina wa ku Chipata, anayala mapurosesa awiri pansalu. A Yohane analoza yaing'ono.

"Iyi ndiyo ikwana pa bolodi yathu, atsibweni."

Atsibweni anali akudya nzimbe. Ananyamula inayo ndi zala zomata, naiyeza m'manja ngati akugula nkhuku. Kenaka anailavulira malovu pa timano take tagolide, n'kuipukuta pa thalauza kuti aone ngati golideyo achoka. Kachikoko ka nzimbe kanakanirira pakati pa timano. 

"Mwana iwe, thonje lonse lija ugule kanthu kopepuka chonchi? Titenga yolemerayi."

Wogulitsa anangoyang'ana kumbali. Alongo anga, amene anawerenga za zimenezi miyezi yambiri, anaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Chabwino, atsibweni."

Kunyumba purosesa ija inakana kulowa pa bolodi. Atsibweni anati achinyamata amakono alibe mphamvu, naikanikiza ndi chala chachikulu. Ndinamva kaphokoso ngati munthu waponda chiwala. Timano tinapindika, bolodi inasweka pakona, kompyuta sinayake n'komwe. Atsibweni anasamba m'manja, nadya, nauza amayi kuti mwana wawo sadziwa zimene amachita. Amayi anavomera. Chaka chotsatira a Yohane anapita kukagwira ganyu m'minda ya fodya, ndipo za makompyuta sazitchulanso.

Kwa nthawi yaitali ndinkanyansidwa ndi malovu aja. Nditakula ndinaona kuti chondinyansa kwenikweni chinali "chabwino" uja, ndi ife tonse amene tinamutcha ulemu.

Ndisaname, inenso ndine wamantha. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, koma akulu akalankhula ndimangovomera. Mwezi watha mwana wanga wa miyezi itatu anatsegula m'mimba, ndipo apongozi anabwera ndi madzi akuda m'kabotolo kuti ndimumwetse. Ndinamva "chabwino" akukwera pakhosi panga. Ndinagwada monga mwa mwambo, n'kunena kuti, "Pepani amayi, uyu ndikupita naye ku kiliniki."

Mpaka pano apongozi sandiyankha moni. Usiku ndimadzuka kangapo kukhudza mwanayo pamphumi, ndipo ndikamva akupuma bwino, za moni zija sindiziganizanso.