Khola Lopanda Mbuzi

Inu amene mwagwira tsaya chifukwa amene ankakuthandizani anatseka chitseko, senderani kuno ndikuuzeni za Eveline.

Chaka chimene mwamuna wake anapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu n'kuiwala njira yobwerera, Eveline anatsala ndi ana atatu m'kanyumba kodontha, kumapiri a kumtunda kwa Malomo. Chimanga chinatha mvula isanagwe. Ankalawirira kukalima ganyu m'minda ya anzake, malipiro ake n'kukhala madeya. Tsiku lina mwana wake wamng'ono analira njala mpaka mawu anatha. Eveline anangomubereka n'kumazungulira pabwalo, nayenso akulira.

M'deralo munali kabungwe kothandiza mabanja osauka. Kanali ndi ofesi ya chipinda chimodzi ndi mlangizi mmodzi, a Timothy, oyenda pa njinga yamoto. Ndalama zake zinkachokera kwa anthu akunja amene palibe anawaonapo nkhope. Kankaphikitsa phala kusukulu ya mkombaphala, kugawa mbewu ya soya, komanso kupereka mbuzi. Lamulo la mbuzi linali losavuta: ikabereka mwana wamkazi, umupatse mnzako amene akudikira pamzere. Koma usanalandire, uyambe wamanga khola la m'mwamba.

Eveline analibe womudulira mitengo. Anabwereka chikwanje n'kukwera phiri yekha. Khola limene anamanga linapendekeka ngati munthu wochokera ku kachasu, ndipo odutsa ankachita kuima kuti aseke bwino. A Timothy atabwera analigwedeza, koma silinagwe.

Anamupatsa mbuzi yotsalira, imene anzake onse anaikana: yowonda, nthiti zili pamtunda, khutu lina long'ambika. Iye anailandira ndi manja awiri. Pochokera ku ganyu ankaithyolera masamba, ndipo madeya omwe aja ankagawana nayo. Mbuziyo inanenepa, kenako inatenga bere.

Ndiye tsiku lina a Timothy anafika pa kabaza, njinga yamoto atailanda eni ake. Anasonkhanitsa anthu pabwalo la tchalitchi.

“Amayi ndi abambo, amene ankatitumizira thandizo aja asiya. Ofesi tikutseka. Phala latha, mbewu yatha. Koma chonde, mbuzi zija musaleke kupatsirana.”

Thandizo lochokera kutali lili ngati mvula ya chizimalupsa: imagwa, fumbi n'kugona, koma wanzeru sadzalira imeneyo. Sindikunyoza opereka, iwo anachita mbali yawo. Vuto linali dzina. Anthu ankazitcha “mbuzi za bungwe”, ndiye bungwe litafa anaziyesa chuma cha masiye, aliyense n'kugwira pomwe wagwira. Mwezi usanathe mbuzi zinayamba kutsikira ku msika wa Malomo, ndipo zambiri zinathera pachiwaya cha kanyenya.

Apa m'pamene mbuzi ya Eveline inabereka. Kamwana kamodzi, kakakazi.

Wotsatira pamzere anali Monika, mayi wa tsidya lina la dambo, amene mwamuna wake anali chigonere ndi matenda a mgonagona. Monika anali atamanga kale khola lake. M'mawa uliwonse ankasesa pansi pake, ngakhale munalibe chosesa, ndipo Eveline ankamuona popita kumjigo.

Amalume ake a Eveline, a Yeremiya, anabwera kudzaona kamwanako.

“Iwe Eveline, ukuopa ndani? Bungwe linafa. A Timothy akowo akugulitsa matimati ku Mponela. Sunga kamwana aka, ana ako apone.”

Tinene zoona, amalumewo sananame. Palibe akanamufunsa, palibe akanamulanda. Mbuzi ziwiri zazikazi ndi chiyambi cha chuma, ndipo mwana wake woyamba, Abigail, ankapita kusukulu ndi diresi lodzaza zigamba. Eveline anavutika mumtima kwa miyezi yonse imene kamwanako kankayamwa. Anasintha ngakhale njira ya kumjigo kuti asamaone khola la Monika, koma kusaliona sikunamuthandize.

Kamwanako katasiya kuyamwa, anakamanga ndi luzi n'kuwoloka nako dambo.

Monika anataya tsache. “Asisi, kodi simunamve kuti bungwe lija linatha?”

“Ndinamva,” anayankha Eveline. “Koma khola lanuli silinathe.”

Mukuganiza kuti Mulungu anamubwezera mawa lake lomwelo? Ayi ndithu. Patangopita milungu yochepa, mbuzi yake yaikulu ija inameza jumbo ya pulasitiki, mimba inatupa, n'kufa. Eveline anakhala pansi pa khola lake lopendekeka, manja ali kumutu. Zinamupweteka kwambiri, ndipo tsiku limenelo anadandaula kuti anaperekeranji. A Yeremiya sanachedwe kufika ndi mawu awo akuti “ndinanena ine”.

Monika naye anafika, akukoka kamwana kaja, misozi ili mbwembwembwe.

“Asisi, tengani kanu. Sindingagone tulo inu mulibe kanthu.”

Eveline anakayang'ana nthawi yaitali, ndipo dzanja linafuna kulandira chingwe.

“Bwererani nako. Mbuzi imeneyi siyenda chobwerera. Ikabereka mukapatse a Luckness, ndiwo otsatira. Ine ndikaima kumapeto kwa mzere. Chimene ndikupempha ndi manyowa a pansi pa khola lanu.”

Kuyambira pamenepo Eveline ankasenza manyowa pandowa, kuwoloka dambo, kukwera chitunda. Ankawasakaniza ndi phulusa ndi madeya monga a Timothy anaphunzitsira, n'kuwathira m'munda wake umene unali utaguga. Anthu a kuno sachedwa kupeka dzina: anayamba kumuitana Namanyowa. Iye ankavomera, “Wawa!” n'kupitiriza ulendo.

Chaka choyamba chimanga cha m'nkhokwe mwake chinakhala mpaka mu Januwale, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Chaka chotsatira anasiya ganyu. Anadzala soya, anakhoma malata chipinda chimodzi, ndipo Abigail anapita kusekondale ndi yunifolomu yosokedwa kwa telala.

Nayo mbuzi inkayenda. Monika anapatsa Luckness, ya Luckness inabereka mapasa. Amene anali asanagulitse zawo anagwidwa ndi manyazi, nayamba kupereka mwakachetechete. Amayi anasankhana komiti yawoyawo. Banja lililonse linkabweretsa kambale ka soya ndi chimanga, ndipo moto unayakanso kusukulu ya mkombaphala. A Timothy ankabwera mwa apo ndi apo, popanda wowalipira, kudzawaonetsa kachizidwe ka mbuzi zodwala. Mzere unatalika mpaka unafika m'midzi ya mbali ya Dowa.

Koma mzere ukamatalika, wakumapeto amadikira, pakuti ankayamba kulandira ndi amene anali asanalandirepo. Eveline akanatha kugula yake pamsika, ndipo a Yeremiya ankamukumbutsa zimenezi nthawi zonse. Iye ankangoti akudikira ya mumzere. Chilimwe chilichonse ankasintha mitengo yofumbwa pakhola lake, mkati mulibe kanthu.

Zaka zinapita. Tsiku lina masana anamva “odi” pabwalo. Anali mtsikana wina dzina lake Priscilla, amene anali atangotengedwa chitengwa kuchokera ku Mponela ndipo mbiri ya mudziwo sankaidziwa. Mbuzi imene banja la mwamuna wake linalandira inali itabereka, ndipo komiti inamuuza kuti wotsatira ndi mayi wa kumtunda. Anaima chilili, chingwe chili m'manja, nkhope ili yolimba ngati mphunzitsi wamkulu.

“Ndinu mayi Eveline? Ndabweretsa mbuzi yanu. Koma mumvetsetse bwino, mayi. Ikabereka yaikazi, mupatse mnzanu. Osagulitsa, osabisa. Akale ena akuti ankachita zachibwana, ife zimenezo ayi. Kodi mukwanitsa?”

Monika, amene anamuperekeza kuti amuonetse njira, anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Eveline sanaseke. Anagwada, nalandira chingwe ndi manja awiri, misozi ikutsikira pachibwano.

“Ndamva, mwana wanga. Ndiyesetsa.”

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma sananene kuti ukatenga liti. Mwina inunso amene ankakugwirani dzanja anachoka osatsanzika. Mwina munachita chabwino n'kutsala opanda kanthu, anzanu akukusekani. Ndikudziwa kuti zimawawa. Komabe musayese kuti thandizo lonse linapita ndi opereka aja, pakuti lina linatsala m'manja mwanu, ndipo pali mnzanu tsidya linalo amene akulidikira. Osataya mtima. Perekani kamene muli nako, ndipo khola lanu musaligwetse.