Makaroni Amene Ndinasenza Pamutu

Chaka chimenecho mtima wanga sunali m'malo. Inali nthawi ya Chitaganya, amuna anga ali ku Halale, ndipo chilimwe chachiwiri chinali kutha ndisanawaone. Ndinali nditabwerera kwa makolo anga kumalaini a esiteti, n'kumathyola tiyi monga ndinkachitira ndili mtsikana. Manja ankathyola, koma maso anali kumsewu. Lole iliyonse yonyamula mabokosi a tiyi kupita kusiteshoni ya Luchenza ndinkaiperekeza ndi maso mpaka fumbi litatha. Kapitawo anandikalipira kangapo chifukwa m'dengu mwanga munkadzaza masamba okhwima.

Lachinayi tikaweruka, amayi angapo tinkapita kumishoni kukaphunzira kusoka. Dona amene ankatiphunzitsa anali pafupi kubwerera kwawo, ndipo tsiku lina anatiuza mmene ankafunira kuti titsanzikane.

"Kwathu aliyense amabwera ndi mbale yake, tonse n'kudyera pamodzi," anatero m'Chinyanja chake chopotoka. "Koma ndikufuna aliyense aphike chakudya cha dziko lina."

Tinaseka. Dziko lina tinalionera kuti ife? Koma titayamba kufunsana, tinapeza kuti maiko anali pakati pathu pomwepo. Mayi wina, mkazi wa msilikali amene anakamenya nkhondo ku Burma, anati aphika mpunga wothira kale, zokometsera zachikasu zija za Amwenye. Mkazi wa telala wosoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye anati chapati. Amayi awiri achikulire a Chilomwe anati kalongonda, popeza makolo awo anabwera naye kuchokera kwa Apwitikizi. Atandifunsa ine, pakamwa panathamanga: "Ine ndiphika cha Chitaliyana."

Sindinkadziwa ngakhale maonekedwe ake. Ndinkangodziwa kuti bambo anga, amene anali khukhi kunyumba ya bwana wa esiteti, nkhondo isanayambe anaphikirapo Mtaliyana wina wolima tiyi. Bambowo ankabwera kunyumba Lamulungu masana okha, ndiye ndinawadikira pakhomo ngati ndikudikira mvula.

"Ababa, mundiphunzitse chakudya cha Mtaliyana uja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali akumasula nsapato. "Ukufuna kuphika, kapena ukufuna kuchoka?"

Ndinaweramitsa mutu. Zoona zake zinali zakuti ndinamva kuti m'tauni mkazi wodziwa kuphika zachizungu sagona ndi njala, ndipo sadikira kuti wina amuitane. Bambo sanafunsenso. Anangoti ndipeze fulawa, mazira atatu ndi botolo losalala.

Lamulungu lotsatira anatsuka thabwa, n'kuunjika fulawa, n'kuboola pakati ndi chala. Anaswera mazira m'dzenjemo, kamchere pang'ono, n'kuyamba kukanda. Panalibe china chowonjezera. Ndinadabwa kuti chakudya cha kutali chotero n'chosavuta kuposa zitumbuwa. Atakanda mpaka mtandawo utasalala, anauvundikira ndi mbale.

"Tsopano usiye upume."

Ine ndi kupuma tinali titadana. Ndinavundukula kamodzi, ndinapita kumpopi, ndinabwera n'kuvundukulanso. Kachitatu anandimenya padzanja ndi supuni. Kuti ndikhale pansi, anayamba kundiuza za Mtaliyana uja: munthu wamfupi, wolankhula ndi manja, amene ankalowa yekha m'khitchini atapinda malaya, zomwe azungu ena sankachita. Tsiku limene apolisi anabwera kudzamutenga, nkhondo itayamba dziko lake lili mdani wa boma, iwo awiri anali atangokanda mtanda ngati womwewu. Mtaliyanayo anakwera galimoto fulawa ili m'manja. Bambo anauphika wonse madzulo ake n'kudya okha, chifukwa antchito anzawo anakana.

Kenako anandipatsa botolo kuti ndifutukule mtandawo mpaka upyapyale ngati nsalu. Wanga unkang'ambika pakati chifukwa ndinkafulumira. Iwo ankaupinda, n'kundibwezera. Utatheka, tinaupinda n'kuudula timizere ndi mpeni, n'kuyanika pabango. Amayi anga atasuzumira anagwira pakamwa.

"Mwanawe, anthu ukawadyetse nyongolotsi?"

Koma titawiritsa m'madzi a mchere n'kuthira msuzi wa matimati ndi anyezi wokazinga m'mafuta a mtedza, amayi anatenga kawiri, akudya ndi zala, akudandaulabe.

Pochoka bambo anandichenjeza. "Makaroni sadikira munthu, munthu ndiye amadikira makaroni. Unyamule osaphika, ukawiritse komweko anthu atakhala kale pansi."

Ndinavomera ndi pakamwa. Koma tsikulo litafika ndinadzuka ndi maganizo ena. Ndikafike ine ndekha ndi zosaphika, ndiyambe kupempha nkhuni ndi poto anzanga akutsegula mbale zawo? Ndinaphika m'mawa, ndinathira msuzi, ndinaika m'beseni n'kumanga ndi nsalu. Unali mwezi wa Okutobala. Kuchokera kumalaini kukafika kumishoni ndi mtunda wa maola awiri, njira yodutsa m'tiyi mopanda mthunzi, ndipo beseni linkandiwotcha paliwombo ngakhale ndinali ndi nkhata. Anzanga ankaima pamtsinje kuti asambe kumaso, ine ndili kale patsidya, ndikuwakuwira kuti afulumire.

Tinayala mphasa pansi pa mitengo ya bulugamu kuseri kwa chipinda chosokera. Aliyense anamasula chake. Mpunga unali wachikasu, wonunkhira mpaka ana a sukulu anayamba kuzungulira. Dona anabweretsa pudini ya buledi. Ine ndinamasula nsalu yanga pomalizira.

Munalibe timizere. Zonse zinali zitagwirana n'kukhala chibuma chimodzi chofiirira, msuzi wonse utamwedwa. Nditapendeketsa beseni, chinagwera m'mbale chathunthu, chili ndi chidindo cha pansi pa beseni. Wina anaseka, kenako onse. Ndinayang'ana njira imene ndinadzera.

Mkazi wa msilikali uja, mayi wamkulu thupi wosachedwa kulamula, anandigwira pamkono. "Khalani pansi, inu. Mpeni uli kuti?" Anachidula m'magawo ngati chigumu. Mkazi wa telala anali adakali ndi chiwaya pamoto, akumaliza chapati, ndipo anaponyamo magawowo ndi timafuta mpaka atauma m'mbali. Anthu anadya. Ena anatenganso. Dona analawa, n'kutafuna mosamala, n'kufunsa ngati ku Italy amadyadi chotere.

"Kumidzi kwake," anayankha mkazi wa msilikali, nkhope ili gwa.

Ine sindinalawe. Kalongonda amene ndinamukonda kuyambira ubwana anandidutsa pamaso. Pamene anzanga ankaimba nyimbo yotsanzika, ndinali kuwerenga mumtima masiku otsala kuti mvula iyambe, chifukwa ikagwa tiyi amaphuka, ndipo palibe amene amachoka pa esiteti. Nyimbo itatha ndinamutsatira dona mpaka pakhomo.

"Dona, mundilembere kalata yoti ndimadziwa kuphika."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana beseni lomwe ndinali nditakolekera m'khwapa. "Zimenezo sindingalembe. Ndilemba kuti sujomba, ndiponso kuti umagwira ntchito mofulumira." Anaima kaye. "Mofulumira kwambiri."

Pobwerera ndinayenda ndi mkazi wa telala. Iye ndiye anandiuza kuti mlongo wake wa Mmwenye wa sitolo, amene ankakhala ku Limbe, ankafuna mayi wothandiza kukhitchini. Ndinamufunsa mafunso njira yonse, mpaka anati ndimusiye apume.

Usanathe mlungu ndinauza amayi kuti ndikupita ku Limbe. Analira, n'kunena kuti apongozi anga adzati chiyani. Bambo atamva anangofunsa ngati ndili ndi bulangete. Ndinachoka mitambo yoyamba itayamba kusonkhana kuphiri la Mulanje, ndikudziuza kuti Limbe ndi pongopumira, kuti Halale ndikafika chaka chisanathe. Sindinafikeko. Amuna anga ndiwo anadzandipeza ku Limbe patapita zaka ziwiri, atatopa ndi ntchito ya m'hotela, ndipo tinakhazikika komweko.

Tsiku loyamba kuntchito ndinapereka kalata ya dona ndi manja awiri. Mayi wa Chimwenyeyo sanaitsegule n'komwe. Anandiloza mpando waufupi pakhonde la kuseri, n'kundiikira pamiyendo lichero lodzaza mphodza kuti ndisankhe timiyala, kamodzikamodzi. Nditamaliza mwachangu n'kuimirira, anapalasa ndi chala, anapeza timiyala tiwiri, n'kundiuza kuti ndiyambirenso.